Boti lakale ndi silinda ya basela

A Malume,

Ndine bambo wa ana anayi, ndimakhala kuno ku Nayuchi. Ndagulitsa mpunga wanga wonse ndipo ndikufuna kugula boti la matabwa loyendera tanga, logwirapo kale ntchito, kuti ndizinyamulira matemba pa nyanja ya Chilwa. Mwini wake akuti andiikira basela sitovu ya gasi ndi silinda yake kuti anyamata aziphikira m'boti momwemo. Mayi a kunyumba akukana, akuti moto ndi boti siziyenderana, makamaka poti mwana wathu wachisamba ndiye azidzayenda nalo. Kodi ndigule?

Wofuna nzeru, Nayuchi.

Zikomo bambo,

Mwachita bwino kufunsa, paja safunsa anadya phula. Mayiwo musawatenge ngati amantha ayi, akuona patali. Kugula n'kotheka, koma muyambe mwayeza zinthu ziwiri: pansi pa botilo ndi moto wakewo.

Tiyambe ndi botilo. Musaligulire pamadzi. Auzeni alikokere kumtunda, aligadabuze, inu mutenge mpeni muzibaya matabwa a pansi. Pamene mpeni walowa ngati mukubaya papaya, dziwani kuti pawola. Penti yonyezimira isakunyengeni, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, n'chifukwa chake madzi ake ndi amchere ndipo amadya misomali msanga. Onani ngati misomaliyo sikutuluka dzimbiri, muonenso tsinde la mlongoti, zingwe ndi misoko ya tanga.

Funsaninso kumene botilo lakhala likuyenda. Nyanjayi ndi yosaya, inaphwa mu 1968 ndi 1995, ndipo mu 2018 maboti ambiri anangoti mbwee pamatope ouma. Boti lomwe lakhalitsa padzuwa limang'aluka m'malumikiziro. Likakhala lochokera ku Mangochi, lopangidwira madzi akuya, mwina pa Chilwa lizingokutitimirani m'matope. Libwezereni m'madzi, mulisenzetse katundu, muyende nalo tsiku lathunthu. Mukamakapa madzi pafupipafupi, bwezani ndalama m'thumba.

Tsono nkhani ya basela ija, apa ndiye tcherani khutu. Gasi wophikira ndi wolemera kuposa mpweya umene timapumawu. M'khitchini akadontha, mumatsekula chitseko iye n'kutuluka. M'boti alibe potulukira, amatsikira pansi n'kudikha ngati madzi m'beseni, pansi pa matumba ndi maukonde. Wina akangoyatsa machesi kapena ndudu, basi, lawilawi. Ndiye kumbukirani kuti botilo ndi matabwa, mipata yake anamata ndi phula, pamwamba pali nsalu ya tanga. Zonsezo ndi nkhuni.

Musanalandire silindayo iyang'aneni kunsi. Ikakhala ya dzimbiri kapena yopindika, ikaneni ngakhale ndi yaulere. Pindani payipi yake: ikaonetsa ming'alu, yatha ntchito, ndipo kumanga ndi mphira wa njinga si mankhwala. Payipi ndi kachipangizo kapamutu pa silinda kamene amati regulator, ndi bwino mugule zatsopano. Mukalumikiza, sungunulani sopo m'madzi, pakani polumikizira ponse, tsekulani silinda. Pakatuluka thovu ndiye kuti pakudontha. Chonde osayesera ndi machesi! Moto wabwino umayaka wobiriwira ngati thambo. Ukamayaka wachikasu n'kumadetsa poto, sitovuyo ili ndi vuto.

Silinda izikhala choimirira, yomangidwa bwino, pamalo okwera popita mphepo, osati pansi pa katundu. Akatha kuphika azitseka kusilinda, osati kusitovu kokha. Akamva fungo la gasi asayatse kanthu. Ngati mudzaikepo injini, chigubu cha petulo chizikhala kutali ndi moto, chifukwa mpweya wa petulo nawonso umadikha pansi. Musasowe ndowa ya mchenga ndi chiguduli chonyowetsa. Moto wa petulo ukauthira madzi umangofalikira.

Mwina muziti, nanga bwanji mbaula? Nayonso ili ndi zake. Funde limodzi lokha, makala amoto ali pamatabwa. Ndipo makala akamayaka pamalo otsekeka, kaya pansi pa lona kaya m'zimbowera zimene asodzi amagonamo, amatulutsa mpweya wakupha wosanunkha. Munthu amangomva mutu ndi tulo, osadzukanso. Langizo langa ndi lakuti anyamatawo aziphika nsima kugombe asananyamuke, moto wa m'boti ukhale wa pa ulendo wautali pokhapokha, nyanja ili bata, tanga atatsitsa. Ganiziraninso kumene muzikadzazitsa gasiyo akatha, poti ku Nayuchi si ku tauni.

Pomaliza, ndalama ya mpunga wa chaka chonse siperekedwa kumdima. Mupereke pamaso pa mboni ndi a komiti ya pagombe, amene amadziwa mwini weniweni wa boti lililonse, ndipo mulemberane kalata. Mukafunsenso ku ofesi ya za usodzi za ziphaso zofunika. Wogulitsa akakana kuti muligadabuze kapena muyese silinda ndi sopo, wakuuzani kale yankho. Ndipo tsiku lokaliyezalo, mayiwo muwatenge. Mwana amene azikwera botilo ndi wa nonse awiri.

Malume.