MSEWU WA KU KANDE SI BWALO LA MPIKISANO

Aliyense amene adayendapo pa msewu wa m'mbali mwa nyanja, kuchokera ku Dwangwa kudzera pa Tukombo, pa Kande ndi pa Chintheche mpaka kukafika ku Nkhata Bay, adziwa kuti m'malo ambiri msewuwo ndi woongoka ndiponso wopanda zitunda, kotero kuti phazi la woyendetsa galimoto limangolemera lokha. Adziwanso kuti msewu womwewo ndiwo njira ya ana opita ku sukulu, ya amayi osenza chinangwa kuchokera ku munda, ya asodzi onyamula maukonde ndi nyali zawo, ndiponso ya anyamata okankha njinga zolemedwa ndi madengu a usipa. Anthu onsewa alibe njira yawoyawo. Amayenda m'mphepete mwa phula, ndipo galimoto imawadutsa pafupi kwambiri mpaka mphepo yake kuwakupiza zovala.

Msewu umenewu, umene pa mapu umatchedwa M5, uli ndi mbiri yake. Pamene Ngwazi Dr H. Kamuzu Banda adali m'ndende ku Gwelo kuyambira mu 1959 mpaka mu 1960, adalingalira zinthu zitatu zodzachitira dziko lino: kusamutsira likulu ku Lilongwe, kumanga Yunivesite ya Malaŵi, ndi kulambula msewu wa m'mbali mwa nyanja. Cholinga cha msewuwo chidali chakuti mlimi ndi msodzi azifikitsa katundu wawo ku msika, wodwala azifika msanga ku chipatala, ndipo madera amene kale adadalira sitima ya pamadzi alumikizane ndi dziko lonse. Sudamangidwe kuti ukhale poyeserapo mphamvu ya injini.

Pakati pa achinyamata athu, makamaka a m'mizinda, alipo amene amakonda magalimoto ndi mtima wonse. Amaitanitsa galimoto yoyendapo kale ku Japan, nailowetsa kudzera ku Dar es Salaam ndi pa chipata cha Songwe, kenaka nayamba kuisintha: kuchotsa chochepetsa phokoso ku ekizozi, kuitsitsa kuti iyandikire pansi, kuivala matayala otakata, kapena kukonza injini kuti izitulutsa mphamvu yoposa imene idabwera nayo. Pa masiku a tchuthi ena mwa iwo amalunjika ku magombe a Kande ndi Chintheche. Ife sitiwayesa adani. Ambiri ndi anthu aluso, ndipo dziko limene lili pa ntchito ya chitukuko lifuna manja odziwa makina. Mfundo zawo tazimva, ndipo ndi zitatu. Nkoyenera kuziyankha mwachilungamo, imodzi ndi imodzi.

Mfundo yoyamba ndi yakuti galimoto ndi yawo, ndalama ndi zawo, choncho munthu asawaletse kuisintha monga afunira. Nzoona kuti galimoto ndi yawo, koma msewu ndi wa tonse. Amisiri amene adapanga galimotoyo adayeza injini, mabuleki, matayala ndi masipuling'i kuti zonse zilingane. Wowonjezera mphamvu ya injini nasiya mabuleki monga adaliri afanana ndi munthu wosanjika denga lolemera pa nsanamira zowonda. Magalimoto ambiri opangidwira msika wa ku Japan amabwera ndi kachipangizo koletsa liwiro kupitirira makilomita 180 pa ola. Tifunse: wochotsa kachipangizo kameneka afuna akayende kuti, popeza m'Malaŵi muno mulibe msewu ndi umodzi womwe pamene lamulo lilola ngakhale kuyandikira liwiro limenelo?

Lamulo la pamsewu la mu 1997 lifuna kuti galimoto iliyonse ikhale yoyenera kuyenda, ndipo nthambi ya Boma ya Directorate of Road Traffic and Safety Services ndiyo imayang'anira za chiphaso chotsimikizira zimenezi, chimene tonse timachitcha COF. Chiphasocho chimachitira umboni galimoto monga idaliri pa tsiku loyesedwa. Ikasinthidwa mawa lake, pepala lija lasanduka mboni yonama, ndipo a inshuwalansi akhoza kuvuta pa tsiku la ngozi. Kusintha kumene ife tikuyamikira ndi kuja kolimbitsa mabuleki, kugula matayala atsopano ndi kukonza malamba a pamipando. Wochita zimenezi ndiye wokonda galimoto weniweni.

Tisaiwalenso kusintha kwa mtundu wina, kumene anthu a ku Kande amakuona tsiku ndi tsiku, kumene sikuchitika kaamba ka chisangalalo koma kaamba ka ndalama. Tikunena za minibasi yowonjezeredwa benchi, Sienta ya mipando isanu ndi iwiri yonyamula anthu khumi ndi katundu wawo yemwe, lole yowonjezeredwa masipuling'i kuti isaoneke kulemedwa, njinga yamoto ya kabaza yochotsedwa magalasi, ndi nyali zothobwa m'maso zomangidwa pamwamba pa galimoto. Galimoto yolemedwa imachedwa kuima ndipo imapendekeka pokhota. Tikadzudzula mnyamata wa ekizozi yaphokoso nkulekerera izi, ndiye kuti tikuyang'ana nkhope.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti liwiro silipha, chimapha ndi kusadziwa kuyendetsa. Pano tipempha aphunzitsi atenge choko, pakuti yankho lake ndi masamu a ku pulayimale. Galimoto yoyenda makilomita 50 pa ola imadutsa pafupifupi mamita 14 pa sekondi imodzi. Yoyenda makilomita 100 imadutsa mamita 28. Dalaivala watcheru amatha pafupifupi sekondi yathunthu kuchokera pamene waona chinthu kufikira pamene phazi lake lagunda buleki. Kuwonjezera apo, liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira galimoto umawirikiza kanayi: pa phula louma ndi pafupifupi mamita 14 kwa woyamba uja, ndi mamita 56 kwa wachiwiri. Tsono tiyerekeze kuti mwana watulukira mumsewu mamita 30 patsogolo, akuthamangitsa mbuzi. Wa liwiro la 50 aima asanamfike. Wa liwiro la 100 amfika atangoyamba kumene kuponda buleki, galimoto ikali ndi mphamvu yake pafupifupi yonse. Luso la dalaivala silisintha masamu amenewa. Ndipo boma la Nkhata Bay ndi limodzi mwa maboma a mvula yambiri m'dziko lino. Phula likanyowa mitunda yonseyi imatalika.

Bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO lidalengeza mu 2023 kuti ngozi za pamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pa chaka, ndi kuti ndizo zitsogola pa kupha ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Bungwe lomwelo likuti munthu woyenda pansi akagundidwa pa liwiro la 65, kuthekera kwa kufa kumakula koposa kanayi poyerekeza ndi pa liwiro la 50. Nanga phindu la kuthamangako ndi lotani? Kudutsa malo a malonda otalika makilomita awiri pa liwiro la 50 kumatenga mphindi 2 ndi masekondi 24. Pa liwiro la 80 kumatenga mphindi imodzi ndi theka. Wothamangayo wapulumutsa masekondi 54. Umenewu ndiwo mtengo umene akugulitsira moyo wa mwana wa mnzake. Makolo athu sadalakwe ponena kuti kuthamanga si kufika.

Ponena za mpikisano wa magalimoto, pamenepo tigwirizana nawo achinyamatawa pa mbali ina. Ndi masewero olemekezeka, ndipo Afirika ali ndi mbiri yabwino pa masewerowa. Mpikisano wa Safari Rally udayamba kummawa kwa Afirika mu 1953, ndipo Shekhar Mehta wa ku Kenya adaupambana kasanu. Kwa anansi athu ku Zambia, Satwant Singh adakhala katswiri wa Afirika yense kasanu ndi katatu. Ku South Africa, masewero ozunguliza galimoto pamalo amodzi, amene adabadwira m'misewu ya ku Soweto, adavomerezedwa mu 2014 kukhala masewero oyendetsedwa ndi malamulo, ndipo potero adapatsidwa mabwalo awoawo.

Koma okonda kutchula akatswiri amenewa aziona bwino mmene mpikisano weniweni umachitikira. Msewu umatsekedwa, oonerera amaikidwa patali, galimoto imamangidwa zitsulo zoteteza m'kati, dalaivala amavala chipewa cholimba, ndipo ambulansi imakhala chire. Ngakhale zili tero, masewerowa adaphunzira ndi misozi. Ku Le Mans, m'dziko la France, galimoto idagwera pakati pa oonerera mu 1955 ndi kupha anthu oposa 80. Mu 1986, galimoto ya mpikisano itapha oonerera ku Portugal, ndipo Henri Toivonen ndi Sergio Cresto atafera m'galimoto yawo ku Corsica, akuluakulu a masewerowa adaletsa gulu lonse la magalimoto amphamvu kwambiri lotchedwa Group B. Ngati akatswiri a dziko lonse, pa misewu yotsekedwa, adavomereza kuti mphamvu ya injini ikhale ndi malire, kuli bwanji munthu wodutsa pa msika wa Kande, pamene wovulala kwambiri ayenera kunyamulidwa pafupifupi makilomita 50 kukafika ku chipatala cha boma cha Nkhata Bay, kapena pafupifupi 100 kukafika ku chipatala chachikulu cha Mzuzu?

Mfundo yachitatu ndi yakuti makina oyezera liwiro amene apolisi amaima nawo m'misewu ndi msampha wotolera ndalama chabe. Dandaulo limeneli si la achinyamata okha, ndipo sitilinyoza. Chikwangwani chikagwa kapena chikabisika m'tchire, dalaivala nagwidwa pamalo pamene sadachenjezedwe, iye amachokapo ndi mkwiyo, osati ndi phunziro. Ndalama ikalowa m'thumba popanda lisiti ya Boma, dalaivala amaphunzira kuti lamulo lili ndi mtengo wake, ndipo wa ndalama zambiri amayesa kuti wagula msewu wonse. Koma mankhwala a vuto limeneli si kuchotsa makinawo ayi. Mankhwala ake ndi kuwaika pamene pali ngozi: pafupi ndi sukulu nthawi yolowa ndi yoweruka, pa misika madzulo, pafupi ndi milatho yopapatiza, ndi pa masiku a tchuthi pamene alendo amachoka ku gombe atamwa. Dalaivala aonetsedwe liwiro limene makina alemba, alipire chindapusa choikidwa ndi lamulo, alandire lisiti. Ndipo amene amadandaula za ziphuphu akumbukire kuti lamulo lothana ndi katangale la mu 1995 limagwira wopereka ndi wolandira yemwe.

Choncho tili ndi pempho kwa onse okhudzidwa. Akuluakulu a Roads Authority ndi a Khonsolo ya Nkhata Bay aonetsetse kuti pa Kande, pa Chintheche, pa Tukombo ndi pa sukulu iliyonse ya m'mbali mwa msewu pali zikwangwani zooneka, mizere yowolokerapo ndi zitumbira zochepetsa liwiro, ndi kuti udzu wa m'mphepete ukutchetchedwa nyengo ya dzinja. Oyesa magalimoto ayang'ane galimoto, asayang'ane mwini wake. Mafumu athandize kuti malonda asamayalidwe pa phula penipeni. Okwera minibasi ndi matola atsegule pakamwa dalaivala akayamba kuthamanga, pakuti moyo umene uli pa chiswe ndi wawo.

Kwa aphunzitsi, udindo wanu ndi waukulu koposa. Popeza magalimoto kuno kwathu amayenda kumanzere, phunzitsani ana kuyenda mbali ya kumanja, moyang'anana ndi magalimoto, mmodzi pambuyo pa mnzake. Aphunzitseni kuima ndi kuyang'ana mbali zonse asanawoloke, ndipo ana a makalasi apamwamba aziwolotsa ang'onoang'ono. Masamu amene tapereka pamwambapa alembeni pa bolodi, kenaka tulukani nawo ana pabwalo la mpira ayeze okha mamita 28 ndi mamita 84, aone ndi maso kusiyana kwa mitunda iwiriyo. Mwa ana amenewo ndimo mudzatuluke madalaivala, apolisi ndi amakaniko a mawa.

Kwa achinyamata okonda magalimoto, mawu athu ndi awa: gwirizanani, lembani malamulo anu, pitani kwa akuluakulu a Boma mukapemphe malo otchingidwa ochitirapo masewero anu, ndipo ife tidzakhala oyamba kulemba za kupambana kwanu. Koma pobwera kuno kunyanja, bwerani monga alendo olemekeza eni mudzi.

Bungwe la United Nations lidaika zaka za 2021 mpaka 2030 kuti maiko achepetse ndi theka imfa za pamsewu. Malaŵi sadzafika pamenepo ndi misonkhano yokha. M'zaka za chipani chimodzi, zimene zidatha ndi chisankho cha mu 1994, ana a sukulu ankaloweza nsanamira zinayi: Umodzi, Kukhulupirika, Kumvera ndi Kusunga Mwambo. Ndale za masiku amenewo zidapita, koma pa msewu mwambo ukali wofunika monga kale, pakuti mwambo wa pamsewu ndiwo kutsitsa phazi pa chikwangwani cha 50 ngakhale palibe wapolisi wokuona. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mwana wa ku Kande amene wanyamuka mmawa ndi makope ake ayenera kubwerera kwa amake madzulo.