Kwezani Galimoto Mwanzeru, Matayala Akhale Omwewo

Walira mvula walira matope. Aliyense wogwira ntchito za chitukuko kumadzulo ndi kumpoto kwa boma la Lilongwe amadziŵa zimene zimachitika m'dzinja akangosiya msewu wa tara wopita ku Mchinji, pa Mpingu kapena pa Namitete, n'kuloŵa misewu ya dothi ya m'midzi yozungulira Nsaru, Kabudula ndi Nambuma. Madzi amakumba maenje, mathirakitala ndi ngolo zimasiya mizere yozama, ndipo galimoto imakhula mimba yake pansi. Nchifukwa chake madalaivala ambiri amapempha kuti galimoto zao zikwezedwe ndiponso ziikidwe matayala akuluakulu.

Ife tikuti pempho loyambalo n'lomveka, koma lachiŵirilo liganiziridwe bwino. Galimoto monga Land Cruiser zimanyamula anthu, feteleza ndi simenti kwa zaka zambiri, mwakuti masipuling'i ake amafooka ndipo thupi la galimoto limatsika. Kuika masipuling'i atsopano olimba pamodzi ndi mashoko oyenerana nawo, n'kukweza thupilo ndi mainchesi 2, kumathandiza kuti mphuno ndi kumbuyo kwa galimoto zisagunde pansi potsika ndi pokwera m'makhwaŵa. Kupyola pamenepo chiwongolero chimayamba kuvuta, mapaipi a mabuleki amakokeka, ndipo zitsulo zopereka mphamvu ku magudumu zimatha msanga.

Komatu tisanamizane. Pa galimoto za ekiselo imodzi yolumikiza magudumu aŵiri, chitsulo chotsikitsitsa ndi difu, ndipo difu imakhala pa ekiseloyo, pansi pa masipuling'i. Mukakweza masipuling'i mwakweza thupi lokha. Difu yatsala pomwe inali. Chimene chimakweza difu ndi kukula kwa tayala basi, ndipo ngakhale pamenepo phindu lake n'lochepa: tayala lotalikirapo ndi mainchesi 2 limakweza difu ndi inchi 1 yokha.

Inchi imodziyo mtengo wake ndi waukulu. Tayala lalikulu limalemetsa mabuleki ndi magiya, limaonjezera mafuta, ndipo limanamiza wochi ya liŵiro: dalaivala amathamanga kuposa mmene singano ikusonyezera, ndipo makilomita olembedwa m'buku la ulendo amachepa kuposa mtunda weniweni. Inu akuluakulu a m'maofesi mukudziŵa kuti bukulo ndilo mboni ya mafuta a boma. Ndiponso tayala la muyeso wa kufakitale, monga 7.50R16, limapezeka msanga, ndipo galimoto ina ikhoza kubwereka sipeya kwa inzake pa njira. Ambulansi yonyamula mayi wodwala pakati pa usiku siingadikire tayala lachilendo loitanitsa kutali.

Chenjezo lina n'lakuti galimoto yokwezedwa imapendama msanga pokhota ndi pa msewu wopendekera, makamaka ikasenzetsedwa katundu padenga. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Wofuna utali, matayala akulu ndi liŵiro nthaŵi imodzi adzagubuduza galimoto pamodzi ndi miyoyo ya anthu osalakwa. Dalaivala wosunga mwambo amachepetsa liŵiro, amaika katundu wolemera pansi, ndipo pa msewu wa mizere yozama amayendetsa magudumu pamwamba pa mitumbira kuti difu isakodwe pakati.

Tikumbukirenso kuti m'chaka cha 1968, pamene ntchito ya Lilongwe Land Development Programme inayamba ndi thandizo la World Bank, boma linalambula misewu yambiri m'dera limeneli kuti feteleza afike kwa alimi ndi zokolola zifike kumisika. Misewu yotere imakhalitsa pokhapokha ngalande zake zikusamalidwa. Galimoto yokwezedwa imapulumutsa ulendo umodzi, koma ngalande yotsegulidwa mvula isanayambe imapulumutsa ngolo, njinga ndi ambulansi yomwe.

Chotero tikupempha atsogoleri a m'madera onse kuti agwirizane ndi mafumu polimbikitsa ntchito yodzithandiza yokonza ngalande ndi kukwirira maenje. Nawo oyang'anira galimoto za boma asalole kusintha kulikonse popanda chilolezo ndi uphungu wa amakaniko odziŵa ntchito yao. Galimoto zimenezi zinagulidwa ndi msonkho wa anthu, ndipo kuzisamala ndi udindo wa ife tonse.