Zikwanje mu Lilongwe, apolisi ali chiimire

Pa 26 June 2025, anyamata onyamula zikwanje adaukira anthu ochita zionetsero mumzinda wa Lilongwe dzuwa likuswa mtengo. Adamenya Sylvester Namiwa apolisi ndi asilikali akungoonerera. Izi sizachilendo: mu July 2011 anyamata a chipani cholamula cha nthawiyo adazungulira m'misewu ya Blantyre akugwedeza zikwanje, popanda wowaletsa. Zipani zasinthana mpando, koma chikwanje n'chomwechija.

Abale ndi alongo a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, tisanene kuti za mumzinda n'zakutali, pakuti ana athu amagulitsa usipa m'misika yomweyo. Wopempha voti akafika pamzikiti itatha swala ya Ijumaa, tisathamangire kulandira nsalu zake. Ayambe watiyankha: adauza apolisi kupinda manja tsiku lija ndani?