Kachule ka malume sikakwera pa sikelo

Abale anga a pamsika, inu amene mumadya za sikelo, sabata ino ndili ndi mlandu ndi anzanu ena, anyamata ogula zitsulo zakutha aja. Sindikuwanyoza ayi, geni ndi geni, naonso ali ndi ana ofuna phala m'mawa. Koma sikelo yawo imadziwa chinthu chimodzi basi: kulemera. Poto wobooka, khasu lakutha, injini yoti ikanatha kulira mawa, zonsezo kwa iyo ndi makilo. Nanga chinthu chimene anachipanga dala kuti chikhale chopepuka chingaone bwanji chilungamo pa sikelo yotere?

Ndikunena za kagalimoto kamene kali m'chisakasa cha malemu malume anga, kumudzi kwathu kufupi ndi Fort Lister ku Phalombe. Amene simunafikeko, Fort Lister ili pa mpata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi phiri la Michesi. Boma la atsamunda la Harry Johnston linamangapo linga mu 1893 pofuna kutseka njira imene ogula akapolo ankadutsitsamo anthu popita nawo kunyanja yamchere. Lero kwatsala zipupa zakugwa ndi manda. Msewu wake ndi wa fumbi ndi miyala, woyenera njinga ya kabaza ndi lole ya nandolo. Si malo oti munthu angayembekezere kupezako galimoto ya liwiro ya anthu awiri, yopanda denga. Koma iliko.

Dzina lake ndi Austin-Healey Sprite. Anayamba kuzipanga ku England mu 1958, pa fakitale ya MG ku Abingdon, ndipo za mtundu woyambawu anasiya kupanga mu 1961 zitakwana pafupifupi 49,000. Nyali zake zinatuzuka pamwamba pa boneti, pakamwa pake pali ngati pakuseka, choncho eni ake ku England anakapatsa dzina loti Frogeye, kutanthauza maso a chule. Ana a kwathu sanamvepo zimenezo, koma naonso atangokaona anati "kachule". Maso ndi amodzi dziko lonse.

Kachuleka sikafika makilo 700. Anakapepukitsa pochotsa chilichonse chimene munthu angakhale moyo popanda icho. Chitseko chilibe chogwirira kunja, umapisa dzanja m'kati. Magalasi okweza ndi kutsitsa palibe. Buti ilibe chivundikiro, katundu umamukankhira kuseri kwa mipando ngati ukubisa kaunjika pothawa a khonsolo. Injini yake ndi ya 948cc, yaing'ono kuposa ya timagalimoto tambiri timene tikuchita matola m'tauni muno, ya banja limodzi ndi ya Morris Minor imene akuluakulu mukuikumbukira. Mphamvu zake n'zochepa, koma poti palibe cholemera choti inyamule, kagalimotoka kankafika liwiro lopitirira makilomita 125 pa ola. Inu amene munayamba geni ndi lichero limodzi la tomato, opanda lendi, opanda wantchito, mukuimvetsa nzeru imeneyi kuposa a mabizinesi a m'maofesi.

Malume anali makaniko pa esiteti ina ya tiyi ku Mulanje. Bwana wina wachizungu pobwerera kwawo m'zaka za m'ma 1970 anawagulitsa kagalimotoka, ndipo ankalipira pang'onopang'ono. Nambala yake ndi ya MJ, pajatu nthawi imeneyo Phalombe inali pansi pa Mulanje, inadzakhala boma payokha mu 1998. Kanayenda mpaka mu Malichi 1991, pamene napolo anatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola anthu mazanamazana, midzi ndi milatho. Maliro atachuluka chotero, ndani akanaganiza za galimoto? Malume anakakweza pa njerwa, anachotsa batire, anakafunditsa lona. Ankati mawa, mawa. Namondwe wa Freddy anabwera mu Malichi 2023 n'kukapeza kali pomwepo. Malume anatisiya chaka chathachi asanakalizenso.

Tsono apa ndi pamene anafikira anyamata a zitsulo. Anazungulira chisakasa, anagogoda boneti, anayesa kunyamula kumbuyo kwake anthu awiri, kananyamuka. Anaseka. Ati, "Mayi, aka mulibe chitsulo, n'kachitini." Mtengo umene anatchula kwa mkazi wa malemu sukanagula matumba anayi a chimanga. Ndipo mayiwo anatsala pang'ono kuvomera. Musawadzudzule: nyumba yawo ikudontha chipitireni Freddy, mdzukulu akufuna fizi ku sekondale, ndipo galimoto yosayenda siphikidwa.

Asuweni anga atandiimbira foni ndinawapempha sabata ziwiri. Ena mwa abale a mbumba yathu anayamba kale kulankhula zoti katundu wa malume ndi wa ana a mlongo wawo, monga zinkakhalira kale kwathu kuno. Ndinawauza kuti, "Achimwene, zimenezo zisiyeni." Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limaika patsogolo mkazi ndi ana a malemu, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu wa kupolisi. Kachule ndi ka mayi aja ndi asuweni. Wokafuna agule. Ndinagula ine, pamaso pa a mfumu, ndi kalata yosainirana, pa mtengo wa malata a nyumba yonse ndi fizi ya chaka. Theka ndapereka, theka ndimaliza nandolo akatha.

Anzanga ena a ku Limbe atamva anandiseka, ati tsabola wakale sawawa. Ena, amene ali ndi foni za intaneti, anathamangira mbali inayo: ati ku England kotere kokonzedwa bwino kamagulidwa mapaundi opitirira 10,000, ndiye walemera. Onsewa sanakaone kunsi. Zoona, mtengo umenewo ulipo, koma ndi wa galimoto yoyenda, yonyezimira, ya mapepala okwanira. Kuchoka m'chisakasa cha ku Fort Lister kufika pamenepo pali ndalama zimene nthawi zambiri zimaposa mtengo wogulitsirawo. Wofuna phindu la msanga akaode anyezi ku Lizulu.

Mdani woyamba ndi dzimbiri. Kagalimoto aka kalibe chasisi chapadera ngati lole. Thupi lake lomwelo ndiwo mafupa ake. Mphamvu ili m'zitsulo za m'munsi mwa zitseko, pansi popondera, ndi timabokosi timene masipuling'i akumbuyo amalowamo. Pamenepo pakadyeka, galimoto imapindika pakati, zitseko n'kuyamba kukana kutseka. Ndinakwawira pansi ndi tochi ndi sikuludilaiva n'kumabaya. Mbali ya dalaivala ndi yolimba. Mbali inayo, kumene lona linang'ambika mvula n'kumalowa, sikuludilaiva inapitirira ngati ndikubaya papaya lakupsa. Wowotcherera wina wandiuza kale kuti, "Bwana, timata fila, tipopera penti, mawa mutenga." Ayi. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Chitsulo chovunda chidulidwe, chatsopano chipindidwe ndi kuwotchereredwa, ndipo asanadule amange chitsulo chopingasa pa khomo la chitseko kuti thupi lisakhote. Amisiri a ku Ndirande amene amapinda mbaula ndi mageti ntchito imeneyi angaithe, bola kuwakhalira pafupi.

Injini ndiye musaikhudze ndi phuma. Mnyamata wina kumudziko anati timangirire chingwe ku thilakitala tikoke, ilira. Injini yogona zaka zoposa 30 mapisitoni amakhala atagwirana ndi dzimbiri, ukaikakamiza umathyola maring'i kapena kupinda ndodo zake. Tachotsa mapulagi onse anayi, tathira dizilo wosakaniza ndi oyilo m'mabowomo, ndipo msuweni wanga akumayesa kuipukusa ndi sipanala kamodzi pa sabata, modekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Sabata yachitatu anatumiza uthenga woti yasuntha pang'ono.

Kunena za sipanala, apa ndi pamene amakaniko achinyamata amaonongera. Manati a galimoto iyi ndi a mainchi, osati mamilimita a galimoto za ku Japan. Sipanala ya 13 imalowa pa nati ya theka la inchi, inde, koma imakhala yokhwepa pang'ono, ukakoka mwamphamvu makona onse abudulika. Mwayi wake bokosi la zipangizo la malume lilipo. Magetsi akenso ndi otembenuza: waya wa positive ndi umene umamangidwa ku thupi la galimoto. Wolumikizapo wailesi kapena chaja ya foni ya masiku ano asanaganize, aona utsi.

Chinanso, kachule kali mtulo dziko linasintha petulo. Petulo wa mtovu uja analetsedwa m'maiko a kuno kwathu pofika mu 2006, ndipo n'zabwino chifukwa mtovu unkaononga ubongo wa ana. Koma injini zakalezi zinkadalira mtovuwo kuteteza pokhalira mavalavu. Ukaithamangitsa nthawi yaitali ndi petulo wa lero, pokhalirapo pamadyeka, choncho mutu wa injini uyenera kupita kwa a makina akaikemo mphete zolimba. Komanso petulo wathu amasakaniza ndi ethanol wa ku nzimbe, wa ku Dwangwa kuyambira mu 1982, wa ku Chikwawa kuyambira mu 2004. Ethanol amadya mapaipi a labala akale ndipo amakoka madzi m'thanki. Paipi iliyonse ya petulo isinthidwe, thanki itsukidwe, makabuleta ake awiri aja a SU amasulidwe. Mabuleki ndiye sitikambirana, labala yense m'menemo ndi wofa.

Matayala okha ndi amene sakundisowetsa tulo, ndi a saizi 13, ali mbwee ku Limbe. Zina zonse zing'onozing'ono n'zoitanitsa ku England kapena ku Joni, kumene makampani akuzipangabe mpaka lero. Vuto ndi ndalama yakunja. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kapaketi ka malabala kokwana m'thumba la shati kakudya phindu la sabata yonse. Lamulo limene ndadziikira ndi lomwe inu mumalidziwa: mpamba sudyedwa. Katapila ayi, banki m'khonde ayi. Kachule kadya zotsala, mwezi wopanda zotsala kagona ndi njala.

Makaniko wina wachikulire wandinong'oneza njira yachidule: tiikemo injini ndi giyabokisi ya Nissan 1400, kabaki kaja kanasiya kupangidwa ku Joni mu 2008 koma zipangizo zake zili paliponse. Si maganizo opusa. A Nissan ankapanga galimoto za Austin ku Japan mwa chilolezo m'zaka za m'ma 1950, ndipo ngakhale kunja kuli anthu amene amaika zitsulo za Datsun m'timagalimoto iti. Injini ya malume ikapezeka yong'aluka, ndidzavomera. Koma yakaleyo idzasungidwa m'nyumba, yothiridwa oyilo, ndipo palibe wodula thupi la galimoto kuti yachilendo ikwane. Nambala ya injini ili mu bulubuku, ndipo bulubukuyo tinaipeza m'sutikesi ya malume pamodzi ndi kalata ya ubatizo. Popanda pepala limenelo ku Road Traffic ulibe poyambira kusintha umwini.

Chatsala n'kukatsitsa kuphiri. Mimba yake imatalikira pansi masentimita 13 okha, ndiye ngakhale katalira lero, miyala ya msewu wa Fort Lister ingakang'ambe tisanafike pa Phalombe boma. Kayenera kukwera lole mvula isanayambe. Inu amene mumapita kukaoda nandolo mbali imeneyo, wina akabwerako ndi malo otsala kumbuyo andiuze, tigawana dizilo. Anthu asanu ndi mmodzi akwanira kukakweza, matabwa awiri ndili nawo. Ndipo amene kuseri kwa nyumba kwanu kukuola Morris Minor kapena Austin A35, musanaitane a sikelo siyani uthenga ku ofesi ya nyuzipepala ino. Ndikufuna pampu ya madzi ndi dainamo.