Mlendo Wosadziwa Chichewa Pambali pa Bedi Lanu

Amayi anzanga, amene munagonekedwapo kapena kudikirira wodwala pa chipatala cha Gulupu ku Blantyre, chomwe dzina lake lenileni ndi Queen Elizabeth Central Hospital, mwina munaonapo wachinyamata wachilendo akutsatira dokotala m'mawa, kabuku kali m'manja, osayankhula kanthu. Ambiri a iwowa ndi ophunzira udokotala ochokera m'maiko akutali, amene amabwera kwa milungu ingapo kudzaona m'mene madokotala athu amagwirira ntchito. Chipatalachi chinatsegulidwa mu 1958, ndipo ndi pamene amaphunzirira ophunzira a sukulu ya udokotala imene inayamba mu 1991.

Mlendo wotereyu, pokhala wosamva chinenero chathu, amadalira maso ndi manja. Amayang'ana zikhatho ndi m'kati mwa zikope kuti aone ngati magazi achepa. Amatsina khungu la mwana wotsegula m'mimba kuti adziwe ngati madzi atha m'thupi, ndiponso amawerenga kapumidwe kake. Pa chipatala chomwechi, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, madokotala Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anakonza njira yoyesera mwana wokomoka ndi malungo, yotchedwa Blantyre Coma Score. Njirayi siifuna mawu ayi: amaona kayendedwe ka maso a mwanayo, kaliridwe kake, ndi m'mene akuchitira akamva kuwawa.

Komabe maso sanena zonse. Sangadziwe tsiku limene matenda anayamba, kapena mankhwala amene wodwala anamwa kunyumba. Vuto lina lalikulu ndi lakuti ife amayi, chifukwa cha ulemu, timaphiphiritsa. Mlendo amene waloweza mawu ochepa amadziwa kuti kusamba ndi kudzitsuka ndi madzi. Nanga mayi akanena kuti sanasambe miyezi iwiri, iye adzaganiza chiyani? Timati "ndine wodwala" pamene tili ndi pakati, "wachira" pamene mnzathu wabereka, "ndinapita padera" pamene mimba inachoka. Liwu lakuti malungo timalitchula pa kutentha thupi kulikonse. Dokotala akapanda kuzindikira kuti muli ndi pakati, angathe kukulemberani mankhwala owononga mwana wosabadwayo.

Tsono tichite bwanji? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pemphani namwino kuti akumasulireni, ndipo kwa namwinoyo nenani zinthu mosabisa. Lozani ndi chala pamene pakuwawa. Tchulani masiku ndi miyezi mowerenga, osangoti "kalekale" kapena "dzana lija". Onetsani kabuku kanu ka kuchipatala pamodzi ndi mapaketi a mankhwala amene mwakhala mukumwa, ndipo ngati munamwako achikuda, ululani. Musavomere ndi mutu chinthu chimene simunamve, poopa kumkhumudwitsa mlendo. Pa nkhani za uchembere, musaike mwana wanu wapasukulu kukhala womasulira, chifukwa pamaso pake mudzabisa zambiri.

Dziwaninso kuti wophunzira sanafike pa udokotala. Iye amagwira ntchito moyang'aniridwa, ndipo chigamulo cha mankhwala anu ndi cha dokotala. Ngati simufuna kuti akhalepo pamene akukupimani, muli ndi ufulu wokana mwaulemu, ndipo kukanako sikuyenera kuchepetsa chithandizo chanu.

Koma ngati mtima wanu walola, mlandireni. Akapotoza lilime pofunsa kuti "Mukumva bwanji?", musamseke, muuzeni katchulidwe koyenera, ndipo mumphunzitse liwu limodzi kapena awiri. Mawu amene mwamphunzitsawo adzathandiza mayi amene wagona pa bedi lotsatira. Ana athu amene amakaphunzira udokotala m'maiko monga China amaimanso chomwecho pamaso pa odwala a chinenero china, kuyembekeza kuti mayi wina wa kumeneko awaleza mtima. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.