Chakale Sichitayidwa, Chimangosintha Ntchito

Anzanga a mumsika, pali masewera ena a pa kompyuta omenyana nkhondo mlengalenga. Poyamba umatuma tizombo ting'onoting'ono kukazonda adani. Zombo zikuluzikulu zikabwera, tija timatha ntchito. Wosewera wopupuluma amatiphwasula, koma wochenjera amatiimika m'malire kuti tikhale alonda.

Si zamasewera zokha ayi. Mu 1977 a NASA ku America adatumiza chombo cha Voyager 1 kukazonda mapulaneti a Jupiter ndi Saturn. Pofika 1980 ntchitoyo idatha, koma sadachitaye. Adachipatsa ina yoyeza zakutali, ndipo mu 1990 adazimitsa makamera ake posunga mphamvu. Mu 2012 chidakhala chombo choyamba kulowa m'danga la pakati pa nyenyezi.

Nanga inu achimwene, njinga yomwe yakhala ikusenza tomato kuchokera ku Mbulumbuzi mpaka ku Limbe, mukuigulitsiranji kwa ogula zitsulo pa mtengo wa mulu wa bonya, n'kukatenga katapila wa njinga yamoto? Imangireni mwala wonolera, muzinola mipeni ndi zikwanje pa Njuli, ndalama izilowa. Katapila sadziwa chibale, pajatu!