Cloud ikagwa, buku la sikelo limayankha

Lolemba pa 20 Okutobala 2025, nthawi itatsala pang'ono kukwana 9 koloko m'mawa kuno kwathu, anthu mamiliyoni ambiri m'mayiko osiyanasiyana adayamba kudandaula kuti mafoni awo asokonekera. Snapchat, Signal ndi Zoom zimakanika kugwira bwino ntchito. Ku Britain, makasitomala a mabanki a Lloyds ndi Halifax amalephera kuona ndalama zawo pafoni. Mafoniwo adali bwinobwino. Chidavuta chidali m'nyumba zikuluzikulu zosungiramo makompyuta za kampani ya Amazon m'chigawo cha Virginia ku America, ndipo padatenga maola pafupifupi 15 kuti zonse zibwerere mwakale.

Mwezi usanathe, makampani enanso awiri akuluakulu adaona zofanana. Pa 29 Okutobala zidavuta ku Microsoft, ndipo pa 18 Novembala zidavuta ku Cloudflare mpaka X ndi ChatGPT zidasiya kutseguka kwa maola angapo.

Nkhaniyi ikumveka yakutali, koma ikutikhudza. Ntchito zaumoyo m'dziko muno zikuchoka papepala n'kulowa m'makompyuta. Malipoti a zipatala amapita ku likulu kudzera m'pulogalamu ya DHIS2, ndipo alangizi a zaumoyo ambiri tsopano amalemba za mabanja a m'dera lawo pafoni kapena patabuleti. Ndiye funso ndi ili: mayi wafika ndi mwana pa sikelo, makina akukana kutseguka, chichitike n'chiyani?

Kodi cloud n'chiyani?

M'Chingerezi mawu akuti cloud amatanthauza mtambo, koma zithunzi ndi mauthenga anu sizikhala kumwamba ayi. Zimakhala m'makompyuta enieni, osanjikizana m'mashelefu, m'nyumba zomwe zimadya magetsi ambiri ndipo zimafunika kuziziritsidwa usana ndi usiku. Bungwe loona za mphamvu zamagetsi padziko lonse la International Energy Agency lidapeza kuti m'chaka cha 2024 nyumba zoterezi zidagwiritsa ntchito pafupifupi 1.5 peresenti ya magetsi onse a padziko lapansi.

Nzeru yake ndi yofanana ndi ya chigayo. Banja siligula chigayo chakechake pofuna kugaya ndowa imodzi ya chimanga. Limapita kwa yemwe ali nacho n'kulipira molingana ndi chomwe lagayitsa. Amazon idayamba kubwereketsa makompyuta ake mwa njira imeneyi mu 2006, ndipo lero banki, sukulu kapena chipatala chikhoza kuchita lendi mphamvu ya makompyuta kwa ola limodzi kapena kwa chaka. Amazon, Microsoft ndi Google pamodzi ali ndi gawo loposa 60 peresenti ya msika umenewu. Onse atatu ali ndi nyumba zawo ku South Africa: Microsoft idatsegula mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020, ndipo Google ku Johannesburg mu 2024.

Luso logawa ntchito

Chomwe chimachititsa kuti lendiyo ikhale yotchipa ndi kafukufuku wa momwe ntchito ingagawidwire pakati pa makompyuta ambirimbiri. Mu 2007, akatswiri awiri a ku Google, Luiz André Barroso ndi Urs Hölzle, adaonetsa kuti makompyuta a m'nyumbazi nthawi zambiri amagwira ntchito yapakati pa 10 ndi 50 peresenti ya mphamvu zawo, komanso kuti kompyuta yongokhala imadyabe pafupifupi theka la magetsi omwe imadya ikamagwira ntchito mokwanira. Kunena kwina, kampani imalipira magetsi a makina ogona.

Yankho lidali lopanga pulogalamu yokhala ngati kapitawo, yoti iziona kompyuta iti ili ndi mpata n'kuipatsa ntchito. Google idatcha kapitawo wake Borg, ndipo mu 2015 idafotokoza poyera momwe amagwirira ntchito. Borg amayang'anira magulu a makompyuta pafupifupi 10,000 gulu lililonse. Amasakaniza ntchito zachangu, monga kuyankha munthu yemwe akufufuza chinthu pa intaneti, ndi ntchito zomwe zingadikire, monga kuwerengera ziwerengero za usiku wonse. Malo akachepa, ntchito yosafulumira imaimitsidwa kuti yachangu idutse, monga momwe namwino amalowetsera mwana wokomoka patsogolo pa mzere ngakhale wafika mochedwa. Akatswiriwo adawerengera kuti akadalekanitsa ntchito ziwirizi pakadafunika makompyuta ena owonjezera 20 mpaka 30 peresenti. Nzeru za Borg ndizo zidabala Kubernetes, pulogalamu yaulere yomwe idatuluka mu 2014 ndipo lero ikugwiritsidwa ntchito ndi makampani ambiri.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Kompyuta imodzi ikafa, kapitawoyo amasamutsira ntchito yake kwina munthu asanadziwe n'komwe. Anthu akachuluka mwadzidzidzi, monga pa nthawi ya mliri, amawonjezera makina m'mphindi zochepa. Koma walira mvula walira matope. Munthu sangathe kuyang'anira makompyuta zikwizikwi ndi manja, choncho amasiyira makina kuti aziyang'anirana okha. Makinawo akalakwitsa, amalakwitsa mofulumira ndiponso paliponse nthawi imodzi.

Chidavuta n'chiyani ku Virginia?

Patapita masiku ochepa, Amazon idatulutsa lipoti lofotokoza zomwe zidachitika. Gwero lake lidali pa chinthu chotchedwa DNS, chomwe tingachiyerekeze ndi mndandanda wa manambala m'foni mwanu. Inu mumasankha dzina, foni imapeza nambala. Makompyuta nawo amapezana chimodzimodzi.

Amazon ili ndi nkhokwe yaikulu ya uthenga yotchedwa DynamoDB, yomwe ntchito zake zina zambiri zimadalira. Manambala a nkhokweyi amasintha pafupipafupi, ndipo pali mapulogalamu atatu omwe amalemba manambala atsopano pa mndandanda. Adawaika atatu dala, kuti imodzi ikafa ina ipitirize. Tsiku limenelo pulogalamu imodzi idachedwa kwambiri. Inzake idalemba manambala atsopano n'kuyamba kufufuta mapulani akale. Nthawi yomweyo yochedwa ija idafika n'kulemba manambala ake akale pamwamba pa atsopano aja. Yofufutayo itaona kuti ndi akale, idawachotsa. Mndandanda udatsala mbee, dzina lilipo koma nambala palibe.

Palibe chigawenga chidathyola makina, palibe moto udabuka, ndipo uthenga wa anthu udali pomwepo m'nkhokwe. Kungoti panalibenso njira yofikirako. Ndipo vutolo lidabadwa m'dongosolo lomwe adaliika kuti liteteze ku mavuto.

Chifukwa chiyani zidatenga tsiku lonse?

Akatswiri adabwezeretsa mndandanda uja pasanathe maola atatu, cha m'ma 11 koloko m'mawa nthawi yathu. Koma mavuto adapitirira mpaka pakati pa usiku. Apa ndi pomwe pali phunziro lalikulu.

Pa maola omwe nkhokwe idali yosafikirika, pulogalamu yoyang'anira makompyuta obwereketsa idataya kulumikizana ndi makompyuta ake. Njira itatseguka, idayesa kulumikizana nawo onse nthawi imodzi. Ntchito idachuluka moti isanamalize ena, nthawi ya oyamba aja imakhala yatha, n'kubwereranso kumbuyo kwa mzere. Mzere umakula m'malo mochepa. Aliyense yemwe adaonapo mjigo wokonzedwa kumene pambuyo pa masiku atatu akudziwa zimenezi: madzi alipo, koma chifukwa cha kukankhana palibe ndowa yomwe ikudzaza.

Ofufuza adalipatsa dzina vuto lotereli. Mu 2021, Nathan Bronson ndi anzake atatu adalemba za chomwe adachitcha metastable failure, kutanthauza kuti chomwe chidayambitsa vuto chachoka, koma makina akukanikabe kudzuka chifukwa akudzipanikiza okha. Chimodzi mwa zinthu zomwe zimakolezera ndi kubwereza. Foni ikalephera kutumiza uthenga imayesanso, nayenso mwini wake amadina kachiwiri ndi kachitatu. Anthu miliyoni akatero, katundu amachuluka katatu pa makina omwe akulephera kale.

Mankhwala ake ndi awiri. Oyamba ndi kuphunzitsa mapulogalamu kudikira: ikalephera idikire sekondi imodzi, ikalepheranso idikire awiri, kenako anayi, ndipo iliyonse idikire nthawi yosiyana pang'ono ndi inzake kuti zisabwerere pamodzi. Achiwiri ndi kukana dala ntchito zina kuti zofunika kwambiri zithe. Akatswiri amati load shedding, mawu omwewo omwe timawamva magetsi akamazimitsidwa mosinthanasinthana. Ku Virginia adachita zimenezi: adachepetsa ntchito zolowa, n'kuzimitsa ndi kuyatsanso makina ena kuti mizere ithe.

Zikafika kuchipatala

Kuti vuto la makompyuta likhoza kufika pa bedi la wodwala zidaoneka Lachisanu pa 19 Julayi 2024. Kampani yoteteza makompyuta ya CrowdStrike idatumiza kwa makasitomala ake kafayilo kolakwika, ndipo makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni adazima. Ku England madokotala ambiri a m'madera adalephera kutsegula mafayilo a odwala ndipo adabwerera ku cholembera ndi pepala. Ku America zipatala zina zidaimitsa maopaleshoni omwe sadali achangu. Gwero lake lidali losiyana ndi la ku Virginia, koma matendawo ndi amodzi: chinthu chimodzi chodaliridwa ndi anthu ambiri, chosinthidwa ndi makina nthawi imodzi.

Kwathu kuno pali chiopsezo china chowonjezera, chomwe ndi msewu wopitira ku cloud. Pa 12 Meyi 2024, nthambo ziwiri za intaneti zodutsa pansi pa nyanja, EASSy ndi Seacom, zidaduka kufupi ndi gombe la South Africa. Intaneti idafooka ku Tanzania, Mozambique, Kenya, Malawi ndi mayiko ena a kuno. Makompyuta a kunja adali amoyo, koma kuwafikira kudali kovuta. Mukawonjezera kuzima kwa magetsi ndi midzi yomwe netiweki imapezeka pachulu pokha, muona kuti mlangizi wa zaumoyo amakumana ndi vuto la ku Virginia pafupifupi sabata iliyonse.

Ndiye tibwerere ku mapepala?

Ayi. Pepala nalo lili ndi adani ake: chiswe, moto ndi madzi. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adakokolola nyumba pamodzi ndi zonse zomwe zidali m'katimo m'maboma a kummwera. Lipoti la papepala limatenga masiku kuti lifike ku boma, pomwe kolera sadikira. Kompyuta imodzi yokhala mu ofesi, yopanda ina yosungira zomwezo, ndi yosadalirika kuposa nyumba za Amazon. Kusunga uthenga m'dziko mwathu momwe, monga m'nyumba ya boma yosungiramo makompyuta yomwe idatsegulidwa ku Blantyre mu 2022, kumachepetsa kudalira nthambo za m'nyanja, koma magetsi ndi kulakwitsa kwa mapulogalamu zimakhalapobe.

Chomwe kafukufukuyu akutiphunzitsa ndi chakuti dongosolo labwino limamangidwa podziwa kuti tsiku lina lidzagwa. N'chifukwa chake mapulogalamu abwino a zaumoyo amasunga kaye uthenga m'foni momwemo n'kuutumiza netiweki ikapezeka. Pulogalamu ya pafoni ya DHIS2, yomwe amaikonza pa yunivesite ya Oslo ku Norway ndipo ikugwiritsidwa ntchito m'mayiko oposa 70, idapangidwa motero. Akuluakulu omwe amasankha mapulogalamu a zipatala zathu akuyenera kufunsa mafunso atatu asanasaine: kodi imagwira popanda netiweki, kodi uthenga umasungidwa malo angati osiyana, ndipo kodi adayesapo kuizimitsa dala kuti aone ngati ogwira ntchito akudziwa chochita?

Gawo lanu

Kwa alangizi a zaumoyo ndi mavolontiya, musasiye kunyamula kaundula kapena mafomu a papepala. Makina akakana, lembani pamenepo dzina, tsiku ndi chithandizo chomwe mwapereka, mudzalowetse pambuyo pake. Uthenga ukakana kupita, musamangodina mobwerezabwereza. Dikirani kanthawi, chifukwa kudina kambiri kumawonjezera katundu ndipo nthawi zina kumalembetsa munthu mmodzi kawiri. Musachotse pulogalamu m'foni kapena kufufuta za m'kati mwake musanatsimikize kuti zonse zatumizidwa, popeza zomwe sizidapite zimatayika. Mukafika pomwe pali netiweki, tumizani tsiku lomwelo.

Chachikulu koposa, mwana yemwe akukomoka, akulephera kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, kapena wafooka moti sakudzuka bwino, asadikire kuti foni itseguke. Lembani kalata pamanja, apite kuchipatala msanga.

Kwa makolo, buku la kuchipatala la mwana wanu ndi nkhokwe yomwe sifuna magetsi kapena bandulo. Lisungeni m'pepala la pulasitiki pamalo okwera, ndipo ngati muli ndi foni yojambula, jambulani tsamba la katemera kuti mbiriyo ikhale malo awiri. Muzilitenga ulendo uliwonse, ngakhale akuuzeni kuti zonse zili m'kompyuta. Musanachoke pa sikelo, onetsetsani kuti alembamo katemera yemwe mwana walandira, kulemera kwake ndi tsiku lodzabweranso. Tsiku lomwe makina adzakane, bukulo ndi lomwe lidzauze namwino katemera yemwe watsala.